Mankhwala a M'thupi mwa Nchenche

Palibe munthu wa kumudzi amene sadziwa kumene nchenche imabadwira. Imaikira mazira ace m'cimbudzi, m'ndowe za m'khola, kudzala, ndi pa nyama yakufa imene agalu aisiya kuthengo. Mazirawo aswa mphutsi, ndipo mphutsizo zikhala masiku angapo m'zobvunda, kudya momwemo ndi kugona momwemo. Munthu atameza pang'ono pokha pa zonyansa zimenezo angathe kudwala kamwazi kapena kutsegula m'mimba kosaleka. Koma mphutsi imangonenepa, isanduka nchenche, niuluka iri ya moyo ndi yamphamvu. Nanga cimaisunga nciani?

Ana a sukulu amafunsa funso limeneli kawiri kawiri, ndipo aphunzitsi ambiri amangoyankha kuti, "Ndimo iriri nchenche." Yankho lace lenileni linayamba kudziwika m'caka ca 1972, ndipo ndi lakuti nchenche imapanga mankhwala m'thupi mwace. Mankhwalawo ndi amphamvu ndithu, koma amasunga nchenche yokhayo. Owerenga agwire bwino mau amenewa, cifukwa nkhaniyi yayamba kumveka m'mawailesi ndi m'matelefoni, ndipo ena aimva mokhota.

Pa Cicewa liu lakuti tizirombo limanena zinthu ziwiri. Limanena nchenche, njuci, udzudzu, ciswe ndi zinzace za miyendo 6. Limanenanso tinthu tosaoneka ndi maso timene timadwalitsa anthu. Kuti pasakhale cisokonezo, m'phunziro lino tizirombo ndi ta miyendo 6 tija, ndipo tosaonekato tichulidwa ndi dzina lace lakuti mabakiteriya. Bakiteriya ndi kanthu ka moyo kakang'ono kwambiri, kooneka pokha pokha ndi galasi lokuza zinthu lochedwa maikulosikopu. Kamaswana pakudzigawa pakati. Pamene pali pofunda ndi pa cakudya cambiri, mabakiteriya ena amadzigawa pa mphindi 20 ziri zonse, kotero kuti mmodzi yekha asanduka oposa 2,000,000 pa maola 7. Aphunzitsi a masamu angathe kuyesa samu imeneyi pa bolodi: kucurukitsa ndi 2 maulendo 21.

Mmene anawapezera

Munthu akalowedwa ndi nthenda, thupi lace limaphunzira nkhope ya mdaniyo, nilipanga asilikari a m'mwazi olimbana ndi mdani yemweyo. Katemera amagwira nchito mwa njira imeneyi. Koma kuphunzirako kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo nchenche iribe nthawi yotere, pakuti moyo wace wonse sumapitirira mwezi umodzi kawiri kawiri. Ndiponso asilikari a mtundu umenewu m'thupi mwa tizirombo mulibe konse. Cifukwa cace anthu ofufuza anakhala zaka zambiri osamvetsa bwino cimene cimachinjiriza tizirombo.

Hans Boman, mphunzitsi wa sukulu ya ukacenjede ku Sweden, anayesa tinchenche tating'ono tija timazungulira nthoci zakupsya ndi masese a mowa. Iye ndi anzace anatibaya ndi mabakiteriya osapha, nadikira masiku owerengeka, natibayanso ndi mabakiteriya akupha. Tinchenche tambiri timene tinabayidwa kawiri tinapulumuka, pamene tinzace tolandira akupha okha okha tinafa. Zimenezi anazilengeza m'caka ca 1972. Cinaoneka kuti kubaya koyamba kuja kunadzutsa kanthu kena m'madzi a m'thupi mwa tinchencheto, amene ndiwo mwazi wace ngakhale sali ofiira.

Bvuto linali lakuti kanchenche kotere kalibe mwazi woti munthu nkutapa. Tsono Boman anatembenukira kwa gulugufe wamkuru wa usiku wa ku North America, dzina lace cecropia. Mbozi yace ikadzitsekera m'cikwa imakhala yonenepa ngati cala ca munthu, ndipo imaturutsa madontho ambiri. M'menemo ndimo anapatula mankhwala aja, ndipo m'caka ca 1981 analongosola mapangidwe ace, nawacha cecropin potsata dzina la gulugufeyo.

Citseko citatseguka, ena analowa msanga. Ku Japan, Shunji Natori anapeza mankhwala ofanana nawo m'mphutsi za nchenche yaikuru yotuwa imene imakonda nyama, nawacha sarcotoxin. Ku Strasbourg m'dziko la France, gulu la Jules Hoffmann linapeza diptericin m'caka ca 1988 m'mphutsi za nchenche yina. Mu 1989 anthu a ku Belgium anapeza apidaecin m'njuci. Mu 2001 anapezanso termicin mu mtundu wina wa ciswe ca mu Africa, cija cimalima bowa m'kati mwa nyumba yace. Lero mankhwala otere odziwika a m'tizirombo ali mazana. Maina ace ndi olemetsa lilime, ndipo palibe cifukwa coti ana awaloweze onse pamtima. Cofunika ndi kudziwa mmene amagwirira nchito.

Mmene amaphera mabakiteriya

Mankhwala onsewa ndi mapuloteni. Liu limeneli ambiri alidziwa kucokera ku maphunziro a zakudya, kumene amati nyemba, nsomba ndi mazira ziri ndi mapuloteni omanga thupi. Puloteni iri yonse iri ngati cingwe ca mikanda, ndipo mikandayo iripo ya mitundu 20. Mapuloteni ambiri a m'thupi ali ndi mikanda mazana angapo pa cingwe cimodzi. Koma cecropin ndi kacingwe kakafupi, ka mikanda 35 kapena 37 cabe. Kufupikako ndiyo nzeru yace, cifukwa cinthu cacifupi sicicedwa kupanga.

Amene anatumbulapo ciwala kapena inswa anaona mafuta oyera kapena acikasu m'mimba mwace. Mafuta amenewo sali nkhokwe ya cakudya yokha ai. Amagwiranso nchito yonga ya ciwindi. Kacirombo kakalasidwa ndipo mabakiteriya nkulowa, mafutawo ayamba kupanga mapuloteni aja nawathira m'mwazi, ndipo pakutha maola owerengeka mwazi wonse wasanduka ululu kwa adaniwo. Matumbo, njira za mpweya ndi ziwalo zoberekera zimapanganso ace pa malo pomwepo. Ndico cifukwa cace mphutsi ingathe kumeza mabakiteriya osawerengeka tsiku lonse osadwala.

Bakiteriya ali ngati cikho codzala madzi: moyo wace uli m'kati, ndipo khungu lopyapyala ndilo liusunga. Khungu limenelo liri ndi mphamvu ina yokoka, yonga ija imaoneka mwana akapukuta cipeso pa tsitsi nicitola tizidutswa ta pepala. Cecropin ali ndi mphamvu yosiyana nayo, ndipo ziwirizi zimakokana. Tizingwe tambiri tikakangamira pa khungulo timadzipota ngati msomali wokhota, tilowa, ndi kuboola mabowo. Za m'kati zitayikira kunja, ndipo bakiteriyayo wafa pa mphindi zocepa. Khungu la tizigawo ta thupi la nchenche mwini wace ndi lopangidwa mwina, silikoka cecropin kwambiri, cotero mankhwalawo alilambalala. Apidaecin wa njuci ali ndi njira yace yace. Iye saboola, koma alowa m'kati mwa bakiteriya mwakacetecete, nakaimitsa pamene bakiteriyayo amapangira mapuloteni ace, monga munthu woika mwala m'cigayo.

Mtundu uli wonse uli ndi adani ace. Ena amapha mabakiteriya a khungu locindikala, ena a khungu la magawo awiri, ena amapha cuku. M'caka ca 2019 anthu ofufuza a ku Lausanne, ku Switzerland, anaswetsa tinchenche ta nthoci tosowa ambiri a mankhwala amenewa. Tinakula bwino ndithu, koma titalowedwa ndi mabakiteriya a mitundu yina tinafa msanga, pamene tinzace ta mankhwala okwanira tinacira.

Padatsala funso lina: kodi mafuta aja amadziwa bwanji kuti mdani walowa? M'caka ca 1996 Bruno Lemaitre, wogwira nchito m'gulu la Hoffmann, anaona kuti tinchenche tobadwa ndi cirema pa puloteni yina yochedwa Toll sitingathe kulimbana ndi cuku. Tinamera cuku thupi lonse ndi kufa. Toll ndiye mlonda wopereka mfuu. Cimene cinadabwitsa madotolo ndi cakuti alonda a mtundu womwewo anapezekanso mwa anthu ndi nyama. Bruce Beutler wa ku America anaonetsa mu 1998, poyesa mbewa, kuti mmodzi wa alondawo ndiye amazindikira mabakiteriya akalowa m'mwazi. Hoffmann ndi Beutler analandira mphotho ya Nobel mu 2011, pamodzi ndi Ralph Steinman. Cotero kanchenche ka pa masese kanaphunzitsa madotolo za thupi la munthu. Ndipo munthu naye ali ndi mapuloteni ace otere pa khungu, m'malobvu ndi m'misozi. Wina wa iwo, lysozyme, anamlongosola Alexander Fleming mu 1922, yemwe uja anadzapeza penisilini mu 1928.

Mphutsi za pa cironda

Madotolo a nkhondo ndiwo anayamba kuona zodabwitsa za mphutsi, kale mapuloteni asanadziwike. Dominique Larrey, dotolo wa asilikari a Napoleon wa ku France, anaona ku Syria mu 1799 kuti mphutsi za nchenche yina zimadya mnofu wakufa wokha pa mabala, ndi kusiya wamoyo. Asilikariwo ankacita nazo mantha, koma mabala ao sanaipe.

Pa nkhondo yaikuru yoyamba, m'caka ca 1917, dotolo wa mafupa wa ku America, William Baer, analandira ku France asilikari awiri amene anagona kubwalo la nkhondo masiku 7 opanda cakudya, ali ndi mabala akuru ndi mafupa othyoka a m'nchafu. Masiku amenewo mabala otere ankapha anthu ambiri, ngakhale olandira thandizo msanga. Pobvula zobvala zao anapeza mabala odzala mphutsi. Atazitsuka anaona mnofu wofiira bwino, wopanda mafinya, ndipo anthuwo sanali kutentha thupi.

Baer sanaiwale. Mu 1929, ali pa sukulu ya madotolo ya Johns Hopkins ku Baltimore, anayamba kuika mphutsi dala pa zironda za ana odwala nthenda yobvunditsa mafupa, imene inakanika ndi mipeni ndi mankhwala omwe. Ambiri anacira. Koma apa mpamene pali phunziro lalikuru kwa anthu a m'midzi: odwala ena a Baer anagwidwa ndi kafumbata, pakuti mphutsi zoyambazo zinali zosayeretsedwa, ndipo zinabwera ndi mabakiteriya a nthendayo pa matupi ao. Anayenera kupeza njira yotsukira mazira a nchenche ndi mankhwala asanaswe, ndi kulera mphutsizo m'mabotolo owiritsa, pa cakudya copanda bakiteriya ndi mmodzi yemwe. Atatero mpamene njirayi inakhala yodalirika, ndipo m'zaka za m'ma 1930 zipatala zoposa 300 za ku America zinaigwiritsa nchito. Penisilini atafala m'zaka za m'ma 1940 anthu anaitaya. Ndani akanafuna mphutsi pa mwendo pace pamene jakisoni alipo?

Inabweranso pamene mabakiteriya anayamba kusamva mankhwala. Ronald Sherman, dotolo wa ku California, anaiyambitsanso ca m'ma 1990, ndipo ku Bridgend m'dziko la Wales anatsegula nyumba yoswetsera mphutsi za cipatala mu 1995. M'caka ca 2004 boma la America linabvomereza mphutsi ngati cida ca cipatala, ndipo caka comweco madotolo a ku Britain analoledwa kuzilembera odwala monga alembera mankhwala ena.

Nchenche imene amasankha kawiri kawiri ndi yobiriwira monyezimira, dzina lace Lucilia sericata. Namwino amaika timphutsi tongoswa kumene, tocepa ngati njere za mawere, kawiri kawiri tiri m'kathumba kopyapyala konga ka masamba a tiyi. Acimanga cirondaco mosatseka mpweya, nadikira masiku 2 kapena 3. Mphutsi siluma, pakuti iribe mano. Imalabvula madzi osungunula mnofu wakufa, niyamwa msuziwo pamodzi ndi mabakiteriya, amene ambiri amafera m'matumbo mwace. M'malobvu omwewo muli mankhwala. Mu 2010 Václav Čeřovský ndi anzace a ku Prague anapatulamo puloteni ya mikanda 40, naicha lucifensin, ndipo inaoneka kuti imapha mabakiteriya obweretsa mafinya ochedwa Staphylococcus. Masiku akakwana namwino acotsa mphutsi zonse, zitakula ngati njere za mpunga wophika, nazitaya monga atayira nsaru za pa zironda. Odwala amene amathandizidwa kwambiri ndi a nthenda ya shuga, amene zironda za kumapazi zimawadulitsa miyendo, ndi ogona nthawi yaitali pa kama.

Koma njirayi isatamandidwe kupitirira muyeso. Ku Britain anayesa odwala 267 a zironda za m'miyendo, ena ndi mphutsi, ena ndi mankhwala opaka, nalengeza zotsatira zace mu 2009. Mphutsi zinayeretsa zironda msanga koposa, koma kupola kwace kunatenga nthawi yofanana, ndipo a mphutsiwo anamva kuwawa kwambiri. Mphutsi ndi wosesa wabwino. Kumanga mnofu watsopano ndi nchito ya thupi la wodwalayo.

Cironda ca kumudzi ndi nkhani yina

Munthu wina atamva zimenezi angaganize kuti mphutsi zogwa pa cironda ca agogo kapena pa bala la mwana ndi mwai, nazisiya. Kuganiza kotero kungaphetse munthu. Nchenche imene yatera pa cirondaco yacokera kucimbudzi kapena kukhola, ndipo yabwera ndi zonse za kumeneko. Mabakiteriya a kafumbata amakhala m'dothi ndi m'ndowe. Zimene zinagwera odwala a Baer m'cipatala ca madotolo odziwa zingagwere msanga munthu wogona pa mphasa.

Ndiponso si mphutsi zonse zimene zimaleka mnofu wamoyo. Mu Africa muno muli nchenche yina, Chrysomya bezziana, imene imaikira mazira pa mabala a ng'ombe, mbuzi ndi agaru, ngakhale pa kabala kakang'ono kolumidwa ndi nkhupakupa, ndipo mphutsi zace zimaboola mnofu wamoyo kunka m'kati. Nthawi zina zimagwira anthu. Palibe munthu wamba amene angasiyanitse mphutsi imeneyi ndi ya cipatala pongoyang'ana. Iriponso nchenche ija amai amaidziwa bwino, yoikira mazira pa mcenga wa mikodzo ndi pa zobvala zoyanika pansi kapena pa mthunzi, makamaka matewera. Kamphutsi kace kamalowa pa khungu labwino bwino, nikapanga cithupsa ca kabowo pakati. Mankhwala ace ndi kuyanika zobvala pa cingwe padzuwa, ndi kuzisita ndi simbi yamoto mbali zonse ziwiri.

Cironda cogwa mphutsi cifuna cipatala tsiku lomwelo. Poyembekeza ulendo citsukidwe ndi madzi owiritsa ozizira othira mcere pang'ono, nicibvundikiridwe ndi nsaru yocapa ndi yosita. Ndowe, dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto zisapakidwepo. Kucipatala akafunsenso za katemera wa kafumbata.

Nchenche isunga mwini, sisunga mnansi

Mankhwala a nchenche ali m'mwazi ndi m'matumbo mwace. Pa miyendo, pa mapiko ndi pa ubweya wa thupi lace mabakiteriya amakwera bwino lomwe, osakhudzidwa. Ngakhale a m'matumbo safa onse. Nchenche ya m'nyumba singathe kutafuna, cotero ikatera pa nsima imayamba yasanzapo madzi a m'mimba mwace kuti cakudya cisungunuke, niyamwa, ndipo kawiri kawiri imanyerapo pomwepo. Mwini wace acoka ali bwino. Wodwala ndi mwana amene adye nsimayo. Kunena zoona, mankhwala aja ndiwo amaipangitsa nchenche kukhala mtengatenga woopsya, cifukwa nthenda imene ikanaipha panjira imafika nayo kumbale. Kamwazi ndi kutsegula m'mimba zimayenda motere, ndipo nchenche zotera m'maso mwa ana zimafalitsa trachoma, nthenda yocititsa khungu. Bungwe la za umoyo la dziko lonse linalengeza mu 2022 kuti trachoma yaleka kukhala bvuto lalikuru m'Malawi, ndipo zina mwa zimene zinathandiza ndi zimbudzi ndi kusambitsa ana kumaso.

Pali tizirombo tiwiri timene mankhwala ace amathandizako anthu pang'ono, mosadziwa. Kashembe, amene amabweretsa kaodzera kwa anthu okhala pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, ndi ku cigwa ca Luangwa ku Zambia, amatenga nthendayo poyamwa mwazi wa nyama za kuthengo. Koma akashembe ambiri oyamwa mwazi wotere sasanduka ofalitsa nthenda, pakuti matupi ao amaipha isanakhazikike. Serap Aksoy ndi anzace a ku Yale, ku America, anaonetsa mu 2006 kuti puloteni yochedwa attacin iri m'gulu la zocita nchito imeneyi: ataitseka, akashembe osunga nthendayo anacuruka. Udzudzu wa malungo nao uli ndi mapuloteni ace, monga gambicin amene anapezeka mu 2001, ndipo mbeu zambiri za malungo zimafera m'mimba mwace. Koma zocepa zotsalazo nzokwana kudwalitsa mudzi, monga aliyense adziwa m'nyengo ya dzinja, ndipo masikito sanapeze wowalowa m'malo.

Cifukwa cace afunidwa

Maiko akutayira ndarama pa kufufuza malobvu a mphutsi cifukwa mankhwala akupha mabakiteriya amene zipatala zakhala zikudalira alikutha mphamvu. Mabakiteriya akakumana ndi mankhwala ocepa, kapena omwedwa popanda cifukwa, ofoka amafa ndipo olimba amatsala naswana. Fleming mwini wace anacenjeza za ici mu 1945. Akatswiri anawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 1,270,000 pa dziko lonse anafa cifukwa ca mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu, maiko a mu Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara ndiwo anabvutika koposa. Ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre madotolo anasunga ciwerengero ca mabakiteriya opezeka m'mwazi wa odwala. Mu 2003, pa mabakiteriya 10 ali onse a mtundu wa Klebsiella, mmodzi yekha ndiye sanali kumva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone. Pofika mu 2016 osamvawo anali 9 pa 10.

Ciyembekezo ndi cakuti puloteni yoboola khungu njobvuta kuizemba, popeza bakiteriya sangasinthe khungu lace lonse mosabvuta. Njobvuta, koma si yosatheka, ndipo poyesa m'mabotolo mabakiteriya ena aphunzira kale kuipirira. Pali zopinga zinanso. Puloteni ikamezedwa imagayidwa m'mimba monga nyemba. Ikabayidwa m'mwazi simakhalitsa, imaphwanyidwa msanga. Yina ikacuruka imaononga tizigawo ta mwazi wa munthu. Ndipo kupanga kwace nkodula. Cifukwa cace, ngakhale papita zaka zoposa 40 cipezekere cecropin, m'zipatala za m'dziko muno mulibe jakisoni kapena mbulu wocokera ku mapuloteni a tizirombo. Wogulitsa pa msika kapena m'basi amene anganene kuti botolo lace liri ndi mphamvu ya nchenche kapena ya njuci yociza nthenda zonse alikufuna ndarama cabe. Thandizo limene anthu a m'midzi angapereke pa nkhondo imeneyi ndi kuleka kugula makapisozi awiri atatu pa okala cifukwa ca cimfine, kuleka kuwathira m'madzi a nkhuku, ndi kumwa mankhwala a kucipatala monga adotolo anenera, osagawirako mnansi.

Uci ndiwo wafika pafupi. Mu 2010 anthu ofufuza a ku Amsterdam anaonetsa kuti njuci zimathira m'uci puloteni yao yochedwa defensin, imene imathandizana ndi kutsekemera kwace ndi zina kupha mabakiteriya. Zipatala zina zimapaka uci pa zironda ndi pa mabala a moto, koma ndi uci woyeretsedwa mwa njira yapadera. Uci wa mumng'oma ungakhale ndi mbeu za bakiteriya wina wolefula thupi, ndipo mwana wosakwana caka cimodzi asapatsidwe uci ngakhale pang'ono.

Coyesa m'kalasi

Anthu ambiri akhulupirirabe kuti mphutsi zimabadwa zokha m'nyama kapena m'cironda cikabvunda. Malinga munthu aganiza cotero, saona cifukwa cobvundikirira bala kapena ndiwo. Francesco Redi wa ku Italy anatsutsa ganizo limeneli mu 1668 ndi ciyeso cimene sukulu iri yonse ingathe kucita popanda ndarama.

Mphunzitsi atenge mabotolo awiri a pakamwa papakuru, naike m'liri lonse kacidutswa ka nsomba yaiwisi kapena ka nyama kongodulidwa kumene, nchenche zisanaterepo. Botolo limodzi likhale losatseka. Linalo limangidwe pakamwa ndi kansaru kopyapyala kolowa mpweya. Onse awiri aikidwe pa mthunzi kutali ndi kalasi ndi kukhichini, pamene agaru ndi nyerere sizifika. Ana azipita kukaona m'mawa muli monse ndi kulemba m'makope mwao zimene aona. M'nyengo yotentha, pakutha tsiku limodzi kapena awiri, botolo losatseka lidzakhala ndi timazira toyera ndi timphutsi. Lomangalo lidzanunkha cimodzimodzi, pakuti mabakiteriya alimo, koma mphutsi mulibe. Ana oyang'anitsitsa adzapeza timazira pamwamba pa kansaru, pamene nchenche zinalekezera. Apo mphunzitsi afunse funso lija la poyamba, cifukwa cace mphutsi za m'botolo lonunkhalo sizidwala, ndi kulongosola za mafuta, za mikanda ndi za cikho cobooka.

Ciyesoci cisapitirire masiku 5, mphutsi zisanayambe kuturuka kukasanduka nchenche. Tsiku lomariza mphunzitsi yekha athire madzi owira m'mabotolo onse awiri, nakwirire zonsezo m'dzenje lakuya, ndipo ana onse amene anagwirako asambe m'manja ndi sopo.